Ulendo woyamba wa ku Joni: zoti mukonze musanakwere basi

Funso: Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Balaka. Mng'ono wanga amakhala ku Tembisa, kufupi ndi Johannesburg, ndipo wachira mwezi wathawu. Wandiitana kuti ndikaone mwana pa holide ya mu Ogasiti, ndikakhale milungu itatu. Pasipoti ndili nayo koma sinadindidwepo, ndipo mzinda waukulu umene ndimaudziwa ndi Blantyre basi. Anthu akundiopseza kuti ku Joni amalanda mafoni dzuwa likuswa mtengo, apolisi amagwira alendo, ndipo munthu ukhoza kusochera osapezekanso. Ndikufunanso kukaodako tizovala todzagulitsa. Ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, poyamba tithokoze kuti mng'ono wanu wachira bwino. Pitani mukaone mwana wanuyo. Zimene akukuopsezani nazozo si zabodza zonse, koma mabasi amanyamuka ku Blantyre ndi ku Lilongwe sabata ndi sabata atadzaza azimayi onga inu, ndipo ochuluka amabwerako osadandaula china choposa kutupa kwa miyendo. Ndakhala ndikukonzera anthu maulendo a njira imeneyi kwa zaka zambiri, inenso ndimaiyenda. Chimene ndaona n'chakuti mavuto a munthu wopita koyamba amaunjikana malo awiri: pa chidindo chimene adzakuikireni pa boda ya Beitbridge polowa mu South Africa, ndi pa ola loyamba mukangotsika basi mu Johannesburg. Ziwirizi mungathe kuzikonza muli ku Balaka konko. Zinazo mudzaphunzira mukuyenda.

Tiyambe ndi pasipoti. Mmalawi safunika kufunsiratu viza kuti akacheze ku South Africa, amaloledwa kulowa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 30. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, kumene basi imangodutsa, nakonso viza siifunika. Onani tsiku limene pasipotiyo ikutha. Lamulo lawo limafuna kuti ikhale ikugwirabe ntchito masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mukutuluka m'dzikomo, koma ine ndimauza anthu kuti ikatsala ndi miyezi yosakwana 6 ayambe kukonza ina. Masamba opanda kanthu muli nawo ambiri poti njatsopano, ndipo adzafunika, chifukwa ulendo wopita wokha umadya zidindo 6.

Masiku 30 aja ndi malire chabe, sikuti aliyense amapatsidwa onsewo. Wa zolowa ndi kutuluka pa Beitbridge ali ndi mphamvu zokulemberani masiku ochepa, 14 kapena 7, malinga ndi mmene mwamuyankhira. Akhoza kukufunsani kumene mukupita, masiku amene mukakhale, ndi ndalama zimene mwatenga. Choncho khalani ndi pepala lolembapo adiresi yonse ya mng'ono wanu ndi nambala yake ya foni, komanso tikiti yobwererera. Pemphaninso kalata kwa ahedi yonena kuti ndinu mphunzitsi ndipo mukuyembekezeka kuntchito sukulu zikamatsegulidwa. Kalata imeneyi imathandiza kwambiri, chifukwa amene iwo amamukayikira ndi munthu wolowa ngati mlendo pamene akukafuna ntchito. Yankhani zimene mwafunsidwa, mwachidule, osaonjezera nkhani. Akakubwezerani pasipoti musathamangire kuiika m'chikwama. Imani pambali pomwepo muwerenge tsiku limene alemba. Ngati n'lochepa kuposa milungu itatu yanu, funsani mwaulemu nthawi yomweyo. Akakana, tsiku limenelo ndiye lanu, ndipo tikiti yobwererera muisinthe kuti igwirizane nalo.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa kuyambira 2014 munthu wopitirira masiku ake samulipiritsa faini pa boda ngati kale, amamuletsa kulowanso m'dzikomo. Mukapitirira ndi masiku osakwana 30, ngakhale tsiku limodzi lokha, amakutsekerani chaka chimodzi. Mukapitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5. Ndaonapo azimayi akulira pa windo chifukwa anawerengera okha kuti mwezi sunathe, osayang'ana chidindo. Ku Joniko mudzamva anthu akunena kuti pali makondakitala kapena matransipota amene amatenga pasipoti kukaidinditsa ku boda mwini wake atakhala kunyumba. Musayese. Zidindo zambiri zoterezi nzabodza, makompyuta a pa boda amasonyeza kuti simunatuluke, ndipo mapeto ake ndi kumangidwa kapena kukasungidwa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasunga alendo odikira kubwezedwa kwawo. Pa boda iliyonse imani pamzere nokha, pasipoti ili m'manja mwanu. Madobadoba olonjeza kukudutsitsani msanga asiyeni adutse.

Tsopano njira. Kuchokera ku Blantyre basi imalowera ku Mwanza, mumadinditsa pa Zobue mbali ya Mozambique, kuoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kenako Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Mukaoloka pamenepo mwalowa South Africa, koma kwatsalabe makilomita oposa 500 kudzera ku Musina, Polokwane ndi Pretoria pa msewu wa N1. Ulendo wonse umapitirira makilomita 1,700. Kaya pa tikiti alemba maola angati, inu werengerani tsiku limodzi ndi theka, mwinanso awiri, chifukwa pa Beitbridge basi ikhoza kuima maola ambiri katundu yense akutsitsidwa kuti amuone. Wina angakuuzeni kuti poti muli ku Balaka mungokadikira basi pa Zalewa. Pa ulendo woyamba ayi, pitani ku Blantyre dzulo lake, mukakwerere poyambira, katundu wanu amuyeze, amuike chizindikiro, akupatseni lisiti. Sankhani kampani imene ili ndi ofesi yooneka kuno ndi ku Johannesburg komwe, ngakhale itakwererapo mtengo pang'ono. Ndalama zikalola, ndege yochokera ku Chileka kapena ku Lilongwe imatenga maola awiri ndi pang'ono, ndipo bwalo la OR Tambo lili ku Kempton Park, pafupi kwambiri ndi Tembisa kuposa pakati pa mzinda.

Zovala musapeputse. Pa Tete kumatentha ngakhale mu Ogasiti, koma usiku wa m'Zimbabwe ndi m'bandakucha wa pa Beitbridge umalowa m'mafupa. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ngati mmene kulili pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo mu Ogasiti chisanu chimakhala chisanathe, kuphatikizapo mphepo yafumbi youmitsa milomo. Juzi yochindikala, jekete, masokosi, chipewa ndi kabulangete zikhale nanu pampando, osati m'chikwama chachikulu chimene chili pansi pa basi. Tengani madzi, chakudya chosachedwa kudya koma chosaonongeka msanga, tishu, ndi ndalama zing'onozing'ono za randi zolipirira zimbudzi m'njira. Basi ikaima tsikani muongole miyendo, koma lowezani mtundu wake ndi nambala yake, chifukwa pa boda pamaima mabasi ambiri ofanana ndipo usiku onse amaoneka amodzi. Pezani mayi mnzanu wozolowera njirayi mudziyenda naye popita kokadinditsa.

Mng'ono wanu sangalephere kuitanitsa mpunga wa Kilombero, usipa, mtedza ndi nyemba. Anthu amanyamula, koma a zaulimi pa boda ya South Africa akhoza kulanda nyama, zipatso zaziwisi, mbewu ndi mbande, choncho funsani ku ofesi ya basi zimene zikuloledwa panthawiyo, ndipo musanyamule chochuluka chooneka ngati cha malonda. Chimene ndikukanizani ndi mtima wonse ndi phukusi la munthu wina. Pa depoti padzabwera wina ndi nkhope yachisoni, akuti mungokamupatsira mwana wake ku Joni. Simukudziwa zimene zili m'katimo, ndipo chamba chikapezeka m'katundu wolembedwa dzina lanu, mlandu ndi wanu. Ngakhale wachibale akakupatsirani kanthu, atsegule muone.

Foni ndiyo imasokoneza anthu ambiri pofika. Layini yanu ya TNM kapena Airtel mwina siigwira yokha kunja, choncho kafunseni ku ofesi yawo musananyamuke, ndipo kuimba kwake n'kodula. Simu khadi ya kumeneko, kaya ya Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C, imafuna kulembetsa ndi pasipoti komanso umboni wa kumene mukukhala, ndiye chapafupi n'chakuti mng'ono wanu akukonzereni mukafika. Pa maola a m'njirawo dalirani pepala. Lembani manambala a anthu atatu a ku Joni pa mapepala awiri, limodzi muike m'thumba, lina m'chikwama, kuti foni ikazima kapena ikasowa mupemphe kondakitala kapena mnzanu wa pampando akuimbireni. Tengani power bank yodzaza. Masoketi a kumeneko ndi a mabowo atatu ozungulira, osiyana ndi athu a makona, choncho chaja yanu idzafuna adaputa. Nthawi ndi imodzimodzi ndi ya kuno, wotchi musaisinthe.

Tifike pa ola loyamba lija. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 4.8 miliyoni mu mzinda wa Johannesburg wokha, pamene Blantyre mu 2018 inali ndi anthu pafupifupi 800,000. Ndipo Tembisa sali mu Johannesburg mwenimweni, ali mu Ekurhuleni, makilomita oposa 30 kuchokera pakati pa tauni. Si malo oti munthu n'kutsika n'kumafunsa njira kwa odutsa ngati mmene tichitira pa Limbe. Mabasi akuluakulu amathera pa Park Station, koma ena ochokera kwathu kuno ali ndi mabwalo awoawo m'misewu yapafupi. Funsani dzina lenileni la malo otsikira pogula tikiti, muwatumizire alamu anu kapena amene adzakuchingamireni. Funsaninso ngati basiyo imaima pa Midrand, chifukwa pamenepo ndi pafupi ndi Tembisa ndipo simungavutike n'kulowa m'tauni. Mukadutsa Polokwane auzeni, mukafika Pretoria auzeninso, kuti inu muwapeze akudikira.

Mukatsika osawaona, musatuluke panja. M'kati mwa Park Station muli alonda, mipando, zimbudzi ndi malo ogulitsira zakudya. Misewu yozungulira, makamaka kulowera ku Joubert Park ndi Hillbrow, ndiyo imene mbava zimadikirira munthu wa zikwama zambiri amene akuyang'ana uku ndi uku. Ngati mwafika usiku, khalani m'katimo mpaka kuche, palibe cha manyazi, mudzapeza ena ambiri akuchita chimodzimodzi. Katundu akhale pakati pa miyendo yanu, lamba wa kachikwama akhale wopingasa pachifuwa. Anyamata a matrole adzathamangira kukunyamulirani, ndipo ena ndi olungama, koma ena amathamanga ndi katundu kulowa naye m'chigulu cha anthu kapena kukutchulirani mtengo woopsa mukafika. Muziti ayi mwamphamvu, osamwetulira. Mukafuna kufunsa kanthu, funsani pa windo la matikiti kapena kwa mlonda wa yunifolomu.

Chenjeraninso ndi Chichewa. Munthu ukatopa ndi ulendo n'kumva wina akuti "Amayi, mwafika bwanji, akumudzi ali bwanji?" mtima umagwa pansi, ndipo akuba ena amadziwa zimenezi. Amalawi ambiri a kumeneko ndi anthu abwino ndipo adzakuthandizani, koma pa siteshoni musatsatire munthu chifukwa choti akuyankhula chinenero chanu, kapena chifukwa wanena kuti watumidwa. Mugwirizane ndi mng'ono wanu kuti akatuma wina, akuuzeni dzina ndi kukutumizirani chithunzi chake musananyamuke. Wina akakuuzani kuti akupezerani chipinda chotsika mtengo m'tauni momwemo, kanani. M'katikati mwa mzindawu muli nyumba zosanja zimene eni ake anazithawa, zigawenga n'kumazichititsa lendi, zopanda madzi ndi potulukira pa ngozi. Imodzi ya izo, ya Usindiso ku Marshalltown, inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi.

Za kulanda mafoni ndi zoona. Pamsewu wa m'tauni foni siiyankhidwa, imakhala m'kati mwa chikwama kapena m'thumba la m'kati, mukafuna kuimba lowani m'sitolo. Ndolo zonyezimira ndi unyolo wa m'khosi zisiyeni ku Balaka. Ndalama zigaweni pawiri kapena patatu, zochepa zikhale pafupi kuti musamatulutse mpukutu wonse pogula madzi. Zitachitika kuti akuzingani, perekani chimene akufuna. Achifwamba a kumeneko amayenda ndi mipeni ndi mfuti, ndipo kukuwa kuti "wakuba!" sikusonkhanitsa anthu ngati kuno.

Masiku oyamba musayende nokha, koma pofika sabata yachiwiri mudzafuna kupita kumsika kapena kutchalitchi osadikira alamu. Anthu ambiri amayendera maminibasi, amene kumeneko amati matakisi. Alibe kondakitala woitanira. Mumaima m'mbali mwa msewu n'kusonyeza ndi dzanja kumene mukupita: chala cholozera m'mwamba nthawi zambiri ndi kutauni, cholozera pansi ndi ulendo wa m'dera lomwelo, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo zimene mng'ono wanu adzakuphunzitsani. Ndalama zimasonkhedwa mzere ndi mzere n'kupatsirana mpaka kutsogolo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji cha galimoto yonse. Mpando umenewo upeweni mpaka mutazolowera ndalama zawo. Khalani ndi ndalama zosinthasintha, makamaka m'mawa, ndipo uzani mnzanu wa pampando kumene mukutsikira kuti akukumbutseni. Polowa perekani moni, "Sanibonani" m'Chizulu kapena "Dumelang" m'Chisutu. Chingerezi chimamveka paliponse.

Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, njaukhondo ndi yotetezeka, imalumikiza Park Station, Rosebank, Sandton, Midrand ndi Pretoria, ndipo ina imapita ku bwalo la ndege. Njodula kuposa takisi, makamaka ya ku bwalo la ndegeyo, ndipo m'katimo saloleza kudya kapena kumwa. Uber ndi Bolt, magalimoto a hayala oitanitsa pa foni, ziliponso. Musanakwere, yerekezani nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala ndi zimene foni ikuonetsa. Pafupi ndi masiteshoni pamakhala mikangano pakati pa madalaivala amenewa ndi a matakisi, choncho dalaivala akakupemphani kuti mukakwerere patsogolo pang'ono musadabwe, koma musapite nokha malo obisika.

Za kuoda zovala ndili ndi maganizo anga, mwina sakusangalatsani. Pa ulendo uno gulani zochepa. Malo odziwika ndi Dragon City, China Mall, Oriental Plaza ku Fordsburg ndi Small Street m'tauni, ndipo mukalowa maso adzachita chidwi. Koma katundu wambiri m'malo amenewa ndi wochokera ku China, yemweyo amene amafika ku Limbe ndi ku Lilongwe kudzera ku Dar es Salaam. Mukaphatikiza mtengo umene mwagulira randi, ndalama zolipirira kulemera kwa katundu m'basi ndi msonkho wa MRA pa Mwanza, phindu limene mumaliona m'sitolo likhoza kutheratu. Musananyamuke yendani mumsika wa Balaka ndi m'masitolo a ku Limbe, mulembe mitengo ya zinthu zimene mukufuna kudzagulitsa, ndipo kumeneko chilichonse muzichisandutsa makwacha musanalipire. Zimene ndaona zikuyenda bwino ndi zovala ndi nsapato za ana, mabulangete ndi majekete, makamaka poti kumapeto kwa Ogasiti masitolo akuluakulu amatsitsa mitengo ya zovala za chisanu. Pitani m'mawa pakati pa sabata, ndi munthu wodziwa malowo, mubwerere dzuwa likadalipo. Lisiti lililonse sungani, chifukwa popanda malisiti a msonkho amadziikira okha mtengo wa katunduyo.

Randi gulani ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo yambani kufufuza milungu ingapo ulendo usanafike poti ndalama zakunja zimavuta kupeza. Osintha ndalama a pa boda ali ndi manja achangu, amawerenga inu mukuona koma mukakawerenganso m'basi mupeza zaperewera. Ngati muli ndi khadi la Visa, funsani ku banki yanu ngati lidzagwire kunja ndi malire a ndalama zimene mungatape. Pa ATM sankhani ya m'kati mwa banki kapena mu mall, bisani dzanja polemba manambala achinsinsi, ndipo wina akabwera kuti akuthandizeni chifukwa makina akuvuta, dinani batani loletsa, tengani khadi lanu muchokepo. Kuba kwawo n'kosinthanitsa khadi lanu ndi lina lofanana nalo m'kuphethira kwa diso.

Apolisi ali ndi mphamvu zofunsa munthu zikalata zake, ndiye pasipoti muziyenda nayo, yobisika bwino m'kati mwa zovala. Jambulani tsamba la chithunzi ndi la chidindo cha Beitbridge, zithunzizo muzitumize kwa mng'ono wanu ndi kwa wina kuno kumudzi, ndipo fotokope ina ikhale m'nyumba. Akakuimitsani onetsani modekha. Munthu wa chidindo chabwino alibe chifukwa choperekera ya fanta, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu pakokha. Wapolisi akaumirira, pemphani kuti mupite ku polisi komweko ndipo muimbire alamu anu. Za nkhanza zochitira alendo nazo sindikubisirani. Mu Meyi 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra n'kufalikira madera ena, anthu oposa 60 anafa, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi mu 2019. Sizichitika tsiku ndi tsiku, ndipo anthu okhala m'deralo amamva mphekesera zisanayambe. Mng'ono wanu akati lero sitituluka, mverani. Mukaona gulu likuguba, matayala akuyaka pamsewu, bwererani, musaime kuti muonerere kapena kujambula.

Pa zaumoyo, ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Akhale m'kachikwama ka m'manja. China chimene ambiri sachiganizira ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe malungo, choncho mukatentha thupi kapena kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi mutangofika, adokotala akhoza kuganiza za chimfine cha nyengo yozizira. Auzeni msanga kuti mwachokera ku Malawi ndipo mwadutsa ku Tete, akuyezeni malungo tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone mmene kuchere. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pambuyo pa ulendo wautali wokhala pansi, kapena mukamabanika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mwina magazi aundana m'mitsempha. Ndipo poti mukupita kwa khanda, mukafika ndi chifuwa kapena chimfine cha m'basi, sambani m'manja ndipo muyambe mwapeza bwino musanamamuyandikire kwambiri.

Musabwereko mutangoona khitchini ya mng'ono wanu ndi masitolo a Matchaina. Inu ndinu mphunzitsi, patulani tsiku limodzi alamu akuperekezeni ku Soweto. Pa Vilakazi Street pali nyumba imene Nelson Mandela ankakhala, ndipo Desmond Tutu nayenso anali ndi nyumba mumsewu womwewo. Chapafupi pali malo okumbukira mnyamata Hector Pieterson ndi ana asukulu ena amene anaomberedwa ndi apolisi pa 16 Juni 1976, tsiku limene timakumbukira ngati la mwana wa mu Africa. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho, imafuna maola atatu kapena kuposa, musaipite mothamanga. Sandton ndi yongoonera nyumba zazitali ndi mitengo yoopsa, theka la tsiku likwanira.

Thandizo likafunika, nambala ya apolisi ndi 10111, ya ambulansi 10177, ndipo 112 imagwira pa foni ya m'manja iliyonse. Pasipoti ikabedwa kapena kutayika, kanenani ku polisi tsiku lomwelo akupatseni nambala ya mlandu, kenako pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi, imene ili ku Pretoria ndipo ina ili mu Johannesburg momwemo, kuti akupatseni chikalata chobwererera kumudzi. Apa ndi pamene zithunzi za pasipoti zija zimagwira ntchito. Mukadwala mpaka kulephera kuyenda masiku anu asanathe, musangokhala chete. Tengani kalata ya dokotala, mufunse ku ofesi ya kazembe ndi ku Home Affairs, unduna wawo woona zolowa ndi kutuluka, zoyenera kuchita tsiku lisanakwane, ndipo makalata onse a kuchipatala muwasunge, chifukwa ndi amene mungadzadandaulire nawo ngati atakutsekerani pa boda.

Pobwerera, tikiti ikhale ya masiku awiri kapena atatu tsiku la pa chidindo lisanafike. Chimene amawerengera ndi tsiku limene mwadinditsa potuluka pa Beitbridge, osati limene mwakwera basi ku Johannesburg, ndipo basi ikhoza kuonongeka m'njira kapena kunyamuka mochedwa. Pitani ku ofesi ya basi dzulo lake mukayezetse katundu ndi kumva mtengo wake, lembani dzina ndi nambala yanu ya kuno pa chikwama chilichonse, ndipo mndandanda wa zimene mwagula ukhale pamodzi ndi malisiti m'kachikwama ka m'manja. Siyani makwacha padera olipirira msonkho pa Mwanza ndi minibasi yokafika ku Balaka, kuti musadzagulitse randi zanu motchipa kwa anyamata a pa boda.